Mmene ndinaphera Chubwi chifukwa cha usipa

Mukadzafika kuno ku Nkope n'kuona nkhalamba ikulambalala mpanda wa anganga Asiyatu, ikudzera kutchire kuli minga pomwe njira yabwinobwino ilipo, musadzavutike kufunsa kuti ndi ndani. Ndine. Chaka chatha ndikuyenda choncho, ndipo mapazi anga azolowera. Zonsezi zinabwera chifukwa cha katumbu amene sindinamuonepo ndi maso, amene ndinamupha ndi pakamwa pangapa, ndili chikhalire pamkeka.

Ine kusukulu sindinapondeko. Pepala ndimalidziwa pokulungira zitumbuwa basi. (Akulemba izi ndi mdzukulu wanga Lusiya, ndiye mukaona pena pakundinyoza mopitirira, dziwani kuti cholembera chili m'manja mwa mboni.) Koma pakamwa Mulungu sanandimane. Ana a mudzi uno, ndi makolo awo omwe, anakulira pamkeka wanga pafupi ndi mathandala oyanikapo usipa. Ntchito yoyanika usipa ndi yodikira: uyanike, utembenuze, uthamangitse akhwangwala, utembenuzenso. Ndiye tinali pa mgwirizano wabwino. Ana ankathamangitsa akhwangwala, ine n'kumawalipira nthano. Palibe amene ankadandaula kupatula akhwangwalawo.

Kenaka kusukulu kunabwera mabuku a zithunzi, a nkhani ya Chubwi.

Chubwi ameneyu ndi katumbu. Inde, katumbu weniweni wa m'madzi, wong'amba maukonde uja. Malemu amuna anga akanamva kuti ana akuombera m'manja chinyama chimene chinkawadyera chambo n'kuwasiyira mitu, akanadzuka. Koma wa m'mabukuyu akuti ndi ngwazi. Amamanga mpango wofiira m'khosi, ndipo mpangowo ukakhala m'khosi sangafe, kaya mumugwetsere phiri. Palibe angaumasule kupatula amene anadya naye mbale imodzi. Ali ndi bwenzi lake lapamtima, kakowa wa mwendo umodzi dzina lake Ndawala. Mdani wake ndi Mfumukazi Nkhungu, yoba zithunzithunzi za anthu, munthu n'kumayenda padzuwa wopanda chomutsatira. Ana akamakamba za Mfumukaziyo amatsitsa mawu ngati ili kuseri kwa khomo.

Mmene ana anapengera simungamvetse. Anayambitsa gulu lawo lotchedwa Anzake a Chubwi, lokumana Loweruka lililonse pansi pa mango wa kusukulu, woliyang'anira ndi mphunzitsi wina wamkazi amene ana amangomutchula kuti madamu. Aliyense wa m'gululo amamanga kansanza kofiira m'khosi. Nsalu yofiira iliyonse m'mudzi muno inali pangozi: ukayanika chitenje chamizere yofiira, uzikhala pomwepo mpaka chiume. Moni wawo ndi wogwira mphuno n'kudzigwedeza ngati katumbu wovuuka kumene. Magulu otere analiponso ku Chowe, kwa Mponda, mpaka kumizinda, ndipo onse ankalankhulana pa mafoni a amayi awo. Mabuku anali atafika anayi. Lachisanu, lomaliza, ankalidikira ngati mvula yoyamba.

Mkeka wanga unasanduka wa ine ndekha. Akhwangwala ananenepa.

Sindikubisirani, zinandipweteka. Koma makutu ndili nawo. Lusiya akamawerengera mng'ono wake mokweza, ine ndinkakhala chapafupi ngati ndikusankha nyemba, zonse zikulowa. Chimene chalowa m'mutu mwanga sichituluka. Tsiku lina masana, ana akudutsa kuchokera kusukulu, ndinangoyang'ana kumwamba n'kunena ngati ndikulankhula ndi mphepo: «Panangokhala Chubwi.» Miyendo yonse inaima. Mmodzi anayankha monyinyirika kuti tili tonse. Pofika mawa lake mkeka unachepa, ena anakhala pamchenga.

Apa ndiyenera kuti ndikufotokozereni mmene ife timachitira, kuti pondiweruza mundiweruze mukudziwa. Kwathu nthano ilibe mwini. Ukaimva, yasanduka yako. Ukhoza kuitalikitsa ngati usipa ukuchedwa kuuma, ukhoza kuidula ngati mwana wapsa ndi phala. Lero fisi umupha, mawa fisi yemweyo wadzuka akukafunsira mbeta, ndipo palibe amene amakufunsa kuti anachira kuchipatala chiti. Agogo anga ankatero, amayi anga ankatero. Ine ndinkayesa Chubwi ndi wa mtundu womwewo. Ndinamupititsa kumsika, ndinamukweza basi, ndinamumenyanitsa ndi bongololo wamkulu ngati sitima. Ana atafunsa kuti zimenezi zili m'buku liti, ndinayankha mmene wonena nthano aliyense amayankhira, kuti Chubwi ndinamudziwa kalekale mabuku awowo asanabadwe. Mawu amenewa ndi mchere chabe, timathira kuti nthano ikome. Ana anawatenga ngati lumbiro.

Mbiri inawanda yoti agogo ake a Lusiya akudziwa za m'buku lachisanu. Lusiya sanatsutse. (Akuti ndilembetse kuti sanavomerenso. Chabwino. Koma phewa linali m'mwamba.) Ulemu wake m'gulu unakwera, mpaka anamusankha kuti pa tsiku limene magulu onse adzakumane ku boma ku Mangochi, iye ndiye adzavale ngati Chubwi n'kutsogolera. Amayi ake anamusokera chovala cha chiguduli chofiirira, mchira wake wothiramo thonje. Mwanayo ankachiyesa m'mawa ndi madzulo, akudziyang'ana m'madzi a m'beseni. Chibadwire sindinamuonepo akufuna chinthu mmene ankafunira tsiku limenelo.

Tsiku la tsoka Lusiya kunalibe. Anali atapita ku boma ndi amayi ake kukagula zipi ya chovala chija, n'kugona komweko kwa azakhali ake. Ine mathandala onse anali odzaza, usipa wabwino, wotsala pang'ono kuuma. Nthano inali pakatikati, Chubwi ndi Ndawala akuoloka mtsinje, ana atatsamira kutsogolo pakamwa pali pululu. Nditakweza maso ndinaona kutsidya kwada bii, kamphepo kayamba kununkha dothi. Amene anayanikapo usipa akudziwa kuti mvula ikaugwera pathandala, wagwira ntchito yodyetsa nkhumba.

Kuwauza ana kuti tipitiriza mawa? Sindine mlendo kwa ana. Amakugwira chitenje, wina mwendo, n'kumati ingomalizani pang'ono. Njira yachangu yothetsera nthano imadziwika kuyambira makolo: umapha mwini nkhani. Vuto linali mpango uja. Koma lamulo lake ndinkalidziwa, ndipo amene anadya mbale imodzi ndi Chubwi anali pomwepo, waima ndi mwendo wake umodzi. Ndiye ndinangoti Ndawala anatambasula khosi, n'kumasula mfundo ndi mlomo, n'kuuluka nawo mpango. Dontho linandigwera pamkono, ine n'kuliponyanso m'nthano, ndinati mvula inayamba kugwa. Ng'ona inavuuka, khapu, madzi n'kufiira. Yathera pompo, tolani usipa.

Palibe anadzuka. Ndinatola ndekha, ndikuwanena kuti ana a masiku ano ndi aulesi. Ndinaona ndithu kuti Hawa, mdzukulu wa anganga Asiyatu oyandikana nafe, wagwira foni ya amayi ake moloza kwa ine, koma ndinkayesa akuibisa mvula. Kani ankajambula mawu kuti atumizire msuweni wake amene ankadwala ku Chowe. Usipa wonse ndinaupulumutsa, ndipo ndinagona mtima uli m'malo, ngati munthu amene sanaphe aliyense.

M'mawa mwake, ndikusesa, ndinamva kulira kuchokera kumpanda wa anganga Asiyatu. Osati kulira kwa mwana womenyedwa ayi, kulira kwa gulu. Tsono anganga Asiyatu anali atadwala nthawi yaitali, akungomwa phala, mpaka ana awo a kutali anali ataitanidwa. Munthu wamkulu akamva kulira pakhomo potero safunsa. Ndinataya tsache, n'kumanga chitenje molimba m'chiuno, n'kuuyamba. Ndipo maliro suyambira kulira utalowa kale, ngati wakumbutsidwa. Umayambira panjira kuti anamfedwa amve kuti zakukhudza.

Pa kulira maliro, sikudzitama, ndimadziwika mpaka midzi ya kuseri kwa phiri. Ndinatsegula kukhosi konse. Ndinalira kuti anganga atisiyira yani, kuti ndani adzatiphunzitsenso kuphika mpunga wa pa Idi, kuti ngakhale pakamwa pawo panali pakuthwa mtima unali woyera. Chisoni chitandikwera bwino ndinafika mpaka powakhululukira za mbuzi zawo zimene zinandidyera chinangwa chaka cha njala. Amayi a nyumba zina atamva mawu anga anasiya mitondo n'kunditsatira, nawonso akulira. Ndinalowa pachipata manja ali kumutu, kumbuyo kwanga kuli mzere.

Anganga Asiyatu anali pakhonde, atatambalala, akuyamwa bango lakupsa. Usiku umenewo ndi umene anapezako bwino.

Kulira kwanga kunazima pang'onopang'ono ngati wailesi yotha mabatire. Amayi a kumbuyo kwanga anayamba kubwerera chafutambuyo, aliyense akuyang'ana pansi ngati wataya singano. Anganga anachotsa bango pakamwa, n'kupukuta chibwano, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

«Pitirizani achemwali,» anatero. «Za mbuzi zija ndamva. Pali chinanso?»

Ndinafuna pansi patseguke. Sipanatseguke, ndi pamchenga pomwe.

Olira enieni anali kuseri kwa nyumba: ana a gulu lija, nsanza zofiira m'khosi, atazungulira katoni ya sopo. Anali ataumba Chubwi wa dongo, ndipo kuyambira m'mawa ankakangana za mwambo wake. Ana a kumzikiti ankati akulungidwe mu sanda yoyera n'kuikidwa tsiku lomwelo, osachedwa. Ana a kutchalitchi ankati popanda bokosi ndi nyimbo si maliro amenewo. Popeza palibe ankadziwa kumene katumbu amapemphera, anagwirizana kuti achite zonse ziwiri. Nditasuzumira m'katonimo, sanda ija inandioneka ngati ndikuidziwa. Mabatani ake ndiwo anandiuza. Inali bulauzi yanga yoyera ya kutchalitchi, imene mng'ono wake wa Lusiya anaichotsa pachingwe kuti banja lathu lipepese.

Ndikanakalipa, koma munthu amene wangolira maliro a munthu wamoyo alibe mawu pakhomo pa eni. Amayi ake a Hawa anatulukira ndi tsache akuti ana osewera maliro akuitana malodza pakhomo pali wodwala. Ana anabalalika atanyamula katoni yawo. Kamwana kena, kosafika ndi m'chiuno mwanga momwe, kanaima pachipata, kanandiloza n'kuuza anthu onse kuti awa ndi amene anamupha.

Lusiya anafika masana ndi zipi yake m'manja. Sanafike ndi kunyumba komwe, anzake anamuchingamira panjira. Anakhala upo pansi pa mango, n'kugamula kuti mdzukulu wa wakupha sangavale ngati Chubwi, ndipo pomwepo anamumasula kansanza kake m'khosi. Anabwera khosi lili lokhalokha. Sanalire. Anapinda chovala chija bwinobwino, mchira n'kuulowetsa mkati, n'kuchiika pansi pa dengu. Kuyambira pamenepo ine anasiya kundilankhula. Zonse zinkadzera kwa mng'ono wake: uwauze agogo ako madzi atentha, uwafunse agogo ako ngati amaliza ndi mpeni. Agogo ako, ngati iye anachita kutoledwa.

Apa ndiye kuseka kunandithera. Mwana ameneyu ndi amene amagona m'nyumba mwanga, amandilowetsera ulusi pasingano, amandizula imvi tikucheza. Manyazi a kwa anganga Asiyatu ndikanawapirira. Koma kudya moyang'anizana ndi mwana wakuyang'ana khoma, chakudya chimakhala ngati mchenga.

Patapita masiku pang'ono kunafika njinga yamoto kuchokera kwa Mponda. Anatsika Che Bwanali, bambo wa ndevu zake, thupi lodzaza chitseko, amene amagula nsomba m'madoko onse a kuno. Ine n'kusangalala kuti usipa wanga wapeza wogula. Ndinayala mkeka, n'kubweretsa dengu kuti aone. Sanaliyang'ane n'komwe. Anapereka salamu, anakhala, anavula chipewa n'kumachizunguza m'manja. Kenaka anati mabuku a Chubwi amawerengera ana ake aakazi, koma kunena zoona ana akagona iye amapitiriza. Anati mawu anga amveka pafoni iliyonse ya gulu, ndipo mng'ono wake amene ali ku Joni anamuimbira ali pantchito, osatha kulankhula bwino.

«Amayi,» anatero, «imfa ndi ya Mulungu, sindikukana. Koma Ndawala? Amene Chubwi anamusenza pamsana m'chipululu cha mchere? Ndawala sangachite zimenezo.»

Ndinayang'ana bambo ameneyu, amene amakangana ndi asodzi khumi n'kuwagonjetsa, maso ali jenjenje chifukwa cha kakowa wa papepala. Ndinayesa kumutonthoza kuti kakowa ndi mbalame basi, lero ili pa ng'ombe iyi mawa pa ina. Anadzuka, n'kuvala chipewa, n'kunena kuti Loweruka adzabwera kumango. Usipa sanagule.

Madamu nawo anatuma uthenga kuti Loweruka ndikaonekere. Tsikulo litafika anandikokera pambali ndisanakhale, n'kundilangiza mwaulemu kuti ndingowauza ana zoona, nkhani ithe. Pansi pa mango panali podzaza. Ana kutsogolo, mabuku anayi aja ali pamiyendo ngati zikwanje. Makolo ena kumbuyo, akunamizira kuti angodutsa. Che Bwanali pa benchi yakeyake. Lusiya anakhala kumapeto kwenikweni, kunja kwa mthunzi.

Ndinaimirira n'kunena zoona. Ndinati buku lachisanu sindikulidziwa, zonse zija zinkachokera m'mutu mwangamu, ndipo Chubwi ndinamupha chifukwa kunkabwera mvula. Ndinayembekeza kuti aseka, tibalalike. Palibe anaseka. Mtsikana wina wamtali, amene ankasirira chovala cha Lusiya, anaimika dzanja n'kunena kuti ngati zili choncho ndiye kuti Lusiya ananamiza gulu, ndipo wabodza samanga mpango. Hawa naye anati kaya n'zopeka kaya si zopeka, iwo anamumva akufa, ndipo akatseka maso amaona madzi ofiira. Mwaona phindu la zoona? Ndisanalankhule, Lusiya anali mdzukulu wa wakupha. Nditalankhula, anali mdzukulu wa wakupha komanso wabodza, Chubwi ali chifere.

Ndinaona kuti pano palibe njira ina. Amene ndinamupha ndi pakamwa ndiyenera kumudzutsa ndi pakamwa. Ndinakhala pansi, ndinakonza chitenje, n'kunena kuti panangokhala. Anayankha anthu awiri okha, mmodzi mwa iwo Che Bwanali.

Ndinayamba ndi njira yophweka. Ndinati Chubwi anadzidzimuka, kani anali maloto. Mabuku anatseguka onse nthawi imodzi, phwa, ngati nkhunda zouluka. Akuti Chubwi salota, maloto ake anawagulitsa kwa nkhono m'buku loyamba kuti aombole Ndawala. Ndinati chabwino, amene anadyedwayo anali mapasa ake. Akuti Chubwi anabadwa yekha m'chigoba cha bwato lomira, chithunzi chake ichi. Anandionetsa pafupi ndi mphuno. Ndinati ng'ona inamumeza wathunthu, kenaka inamusanza chifukwa anali wowawa. Hawa anandikumbutsa mwaulemu kuti ndinanena ndekha kuti madzi anafiira, ndiye chinafiiritsa madziwo n'chiyani? Ndinati ng'onayo inadziluma lilime. Ngakhale madamu anaphimba kumaso.

Zaka zonsezi ndakhala ndikunena nthano, palibe anandifunsapo umboni. Ana awa ankadziwa tsiku limene Chubwi anathyoka dzino, ndi dzino lake lomwe. Kulikonse kumene ndinkathawira ndinkapeza atatseka kale ndi buku. Pakamwa panga, pamene sipanaumepo chibadwire, panauma gwa. Wonena nthano akasowa chonena amayambitsa nyimbo kuti mutu upeze mpata, ndiye ndinayambitsa kanyimbo. Palibe anavomera. Ndinaimba ndekha mpaka kumapeto, nkhalamba yaimvi, ana akundiyang'ana ngati nkhuku yolowa m'kalasi.

Mawu anachokera kumapeto, kunja kwa mthunzi. Lusiya anapempha Hawa kuti ayatse foni ija anthu amvenso. (Aka kanali koyamba kudzimva ndekha. Palibe anandiuzapo kuti ndimalankhula ngati bakha.) Tinamvera Ndawala akumasula mfundo. Pamene mawu anga ananena kuti mvula inayamba kugwa, Lusiya anati aimitse pomwepo. Anaimirira. Sanayang'ane ine, anayang'ana thunthu la mango.

«Buku lachiwiri,» anatero. «Mvula ikamagwa, zithunzithunzi zimene Mfumukazi Nkhungu inaba zimayenda zokha ngati anthu, chifukwa kulibe dzuwa lozigoneka pansi. Ndipo cha Chubwi chinabedwa paphanga paja. Ndani anawerengapo kuti chinabwezedwa?»

Mapepala anapakasika. Che Bwanali sanafune buku, anadzuka n'kunena pamtima mawu onse a pamenepo, benchi n'kugwa kumbuyo kwake. Ana anayamba kulankhula onse pamodzi. Ndiye kuti ng'ona inadya chithunzithunzi. Ndiye kuti Ndawala anazindikira kuti uyu si mnzake. Ndiye kuti mpango anaulanda kwa wakuba kuti akaubweze kwa mwini wake. Maso onse anatembenukira kwa ine.

Munthu wamanyazi akanavomera kuti mwana wamupulumutsa. Ine ndinagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kunena kuti ndimadikira ndione ngati pagulu pano pali wanzeru. Lusiya anandiyang'ana koyamba sabata imeneyo. Mayang'anidwe ake sindingawafotokoze, koma kunali kundiyang'ana ndithu, ndipo ndinakulandira.

Tsono ukandipatsa nsonga ya ulusi, chovala ndisoka ndekha. Ndinawauza mmene chithunzithunzi, chimene nachonso chinkadya naye mbale imodzi chisanabedwe, chinabera mpango Chubwi ali m'tulo, n'kumutsekera m'mtsuko pansi pa phanga. Mmene Ndawala anayendera nacho masiku ambiri opanda dzuwa akukayika, mpaka anaona kuti mnzakeyu akadya nsomba sanyambita zala, pomwe Chubwi weniweni amanyambita mpaka chigongono. Za madzi ofiira ndinati ndi utoto wa mpango umene unasuluka ndi mvula, ndipo Hawa anaganiza kaye n'kuvomera. Ndinamuulutsa Ndawala m'mphepo ndi m'ziphaliwali, mpango uli kukamwa, mpaka anaswa mtsuko ndi mwendo wake umodzi womwewo. Chubwi atatuluka n'kudzigwedeza, ana onse anagwira mphuno n'kudzigwedeza naye. Che Bwanali ankapukuta ndevu ndi chipewa. Hawa anatulutsa kansanza ka Lusiya m'thumba n'kukamumanga yekha m'khosi, ndipo mtsikana wamtali uja ataimikanso dzanja anzake analitsitsa.

Pamenepo ndi pamene munthu wanzeru amatseka pakamwa n'kupita kwawo.

Koma m'manja munkaombedwa, ndipo ine kuomba m'manja kumandiledzeretsa. Komanso kwathu nthano yabwino siithera panjira, imathera pa ukwati. Ndiye ndinakweza dzanja kuti akhale chete, n'kunena kuti Chubwi ataona kuti nkhondo imeneyi siidzatha, anatuma Ndawala ngati nkhoswe kukafunsira Mfumukazi Nkhungu, ndipo mpunga unaphikidwa wodyetsa dziko lonse. Dzanja la Lusiya linafika pakamwa panga mawu atatuluka kale.

Phokoso lake mbalame zinathawa m'mango. Atsikana ena analumpha n'kukumbatirana, akuti iwo ankadziwa kale kuti awiriwa amafunana, ankangoopa kunena. Ena anagwetsa mabuku akuti zimenezo ndi zonyansa. Madamu ankaimba belu, palibe womva. Che Bwanali anaima patsogolo panga, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena motsitsa: «Walahi amayi, bola imfa ija.» Anakwera njinga yake osatsanzika.

Mpaka lero gulu la ku Nkope lili pawiri, a ukwati ndi okana ukwati, ndipo amakhala mbali ziwiri za mango. Ndamva kuti ku Joni nakonso anagawikana. Mwayi wake mbali zonse zinagwirizana chinthu chimodzi, chakuti mlandu ndi wanga ndekha, Lusiya alibe chifukwa. Popita kunyumba tsiku limenelo anayenda pambali panga, kansanza kali m'khosi. Titafika pamathandala anandilankhula mwachindunji, osadzera kwa mng'ono wake. Anati, «Agogo, mukamalankhula muzipumako.» Mawu okoma ngati amenewo sindinawamvepo.

Ku boma anapita, chovala anavala, ndipo anatsogolera magulu onse mchira ukukwekwereza fumbi. Katoni ija ana anakaifukula, poti mwini wake anali atadzuka, koma chiswe chinali chitafika kale. Anandibwezera mabatani. Che Bwanali anayambanso kugula usipa wanga, ngakhale amatuma munthu. Buku lachisanu linafika mvula itatha, Lusiya n'kundiwerengera lonse. Wolembayo sanamuphe Chubwi, sanamukwatitsenso, anangomusiya akupalasa bwato kulowera kumene sitikudziwa. Ana akuti n'zokoma. Ine ndikuti munthuyo anatopa.

Anganga Asiyatu ali bwino kuposa ine. Akangondiona patali amakweza mawu kuti mudzi wonse umve: «Ndadzukanso lero achemwali, musavutike.» N'chifukwa chake ndimadzera kuminga.

Panopa pali lamulo. Za Chubwi ndimaloledwa kunena pokhapokha Lusiya ali pambali panga, chala chili chire pantchafu yanga, ndikangoyamba kupatuka anditsine. Ndaphunzira kuti ana a mabuku akakonda munthu, ngakhale wa papepala, ngakhale wakuba nsomba, sumugwira mwachisawawa. Mitambo ikada pakati pa nthano, masiku ano ndimangomugoneka tulo n'kukatola usipa wanga mwaulemu.

Kungoti dzulo Lusiya anachedwa kusukulu, ana anandiumiriza, kutsidya kunada mwadzidzidzi, ndipo Ndawala anali ataima pafupi kwambiri ndi madzi. Iwe lemba, usandiyang'ane choncho. Sanafe. Ali m'chipatala, ndipo madokotala akuti tidikire.